Mlosi wa ku Brampton

Anagogoda Lachiwiri m'mawa ndikutsuka mano. Anali awiri, oona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, aulemu ndithu. Wina anati, "Valani jekete, kunja kukuzizira." Ndinapita ndi mswachi m'thumba. Anakaulanda pageti la kumene anakanditsekera.

Mlandu wanga sunali wovuta kumva. Ndinabwera ku Canada ndi chilolezo cha sukulu, sukuluyo ndinaisiya chaka chachiwiri, chilolezocho n'kutha ine ndikunyamula makatoni ku Mississauga. Pa maphunziro onse ndinakhoza limodzi lokha, la nthano za Agiriki akale. Mpaka lero ndikhoza kukuyalirani mzere wonse wa mafumu, kuphatikizapo ija inadyetsa mbale wake nyama ya ana ake omwe. Palibe anandilembapo ntchito chifukwa cha luso limeneli.

M'nthanozo muli mwana wamkazi wa mfumu, mlosi wonena zoona zokhazokha, koma wosakhulupiriridwa. Wathu amakhala ku Brampton, amasamalira okalamba. Ndi mng'ono wawo wa amayi ondibereka. Anali atandiuza kale kuti, "Iwe, ukasiya sukulu adzakugogodera." Ine ndinaseka.

Tsiku lachitatu ofesala anandifunsa ngati pali wondiimira kuti nditulukire m'manja mwake.

"Amayi anga, ku Brampton."

Anatsegula fayilo. "Apa munalemba kuti amayi anu ali ku Dedza."

"Eya, nawonso."

Analemba kanthu papepala. Kanthu kameneko kanandisunga masiku ena khumi ndi limodzi, monga munthu wosanena zoona.

Za masiku amenewo ndilibe zambiri. Zenera silinkatseguka. Mnzanga wa m'chipinda, bambo wa ana atatu, anamutenga Lachisanu kupita naye ku bwalo la ndege. Anandisiyira masokosi.

Pamaso pa woweruza ndinapempha pepala, n'kujambula mtundu wathu monga ndinkajambulira mafumu aja: agogo aakazi pamwamba, ana awo aakazi awiri pansi, ine kumunsi kwenikweni, malo oyenera munthu wosiya sukulu. Ndinafotokoza kuti kwathu mtundu umayenda kuchikazi, ndipo mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako. Aang'onowa ndi amene anandibereka kumbuyo pamene enawo ankadwala.

Woweruzayo analiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye kusukuluko munatolako kanthu," anatero.

Amayi aang'onowo anasayina zonditulutsa atavala yunifolomu ya kuntchito. M'galimoto, titalowa mumsewu waukulu, anayamba ndi iwo.

"Ndinanena."

"Munanena, mayi."

"Uzigona chipinda chapansi. Lolemba lililonse uzikasayina kwa eni dziko."

Mlanduwo sunathe, mwina adzandibweza kumudzi. Ufulu umene ndili nawo ndi wochepa: chitseko ndimatsegula ndekha, mswachi ndinagula wina.

Dzulo ndinawafunsa mwaulemu wonse woyenera mlosi kuti, "Mukuona bwanji, mayi, andibweza?" Ulendo uno ndinali wokonzeka kukhulupirira chilichonse.

Anandiyang'ana, n'kutenga makiyi a galimoto.

"Ndachedwa kuntchito," anatero. "Utsuke mbalezo."