Chitini cha a Folotiya

Ndiulule uchitsiru wanga. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti a Folotiya, eni ake a ekipa yathu ya mpira ku Ntengo-Wambalame, ankadula zala za otchinga pagolo n'kumazisunga m'chitini.

Ndakumbukira zimenezi dzulo pamaliro awo, madoda atayamba kukangana.

"Munthu uja anatigulira makamizola ovala posewera mpira, n'kumatinyamula pa kamiyau wake, lole ya kachewere ija!" anatero wina.

"Nanga chikoti chija mwaiwala, alamu?" anayankha mnzake.

Wotchinga pagolo masiku amenewo anali akulu anga a Lusiyano. Tsiku lina anyamata a ku Chidzolomondo anawamwetsa zigoli zinayi. A Folotiya anafukula chitini chawo chakuda, chimene ankachikwirira kuseri kwa golo mpira usanayambe, n'kuchigwedeza. M'katimo munalira gobede gobede.

"Unditsate," anawauza akulu angawo. "Manja akowo ndithana nawo lero."

Ndinathawira m'chimanga, kabudula atanyowa. Osafunsa kuti ananyowa ndi chiyani. Dzuwa likupendeka a Lusiyano anatulukira akutsimphina. Ndinawagwira manja n'kuwerenga. Zala zinalipo zonse, ndiponso zitavala zachikopa zatsopano zogwirira mpira zimene a Folotiya anawagulira. Koma atavula malaya, kumsana kunali mikwingwirima inayi ya chikoti, chigoli chilichonse wakewake.

N'chifukwa chake mkangano wa dzulo sindinaulowerere. Onse awiri ankanena zoona.

Pogona ndinauza mayi akunyumba kuti mantha aja anatha kalekale. Iwo anati, "Anatha? Nanga poona nkhope paja manja mumabisiranji m'matumba?"