Diso lakumanja ndi kanema wa atelala

Ndinali nditagwira rimoti, ndikuwonjezera kala, pamene asodzi a pa benchi yakutsogolo anayamba kudandaula. Ankati nkhope za anthu pa TV zafiira ngati tomato. Ine ndinkaona zotuwa, ngati pali chifunga. Ndinawauza kuti amene sakufuna atuluke. Munali mu Malichi chaka chatha.

Ndili ndi vidiyo shoo ku Senga Bay, pafupi ndi matandala a usipa. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma chithunzi chabwino ndinkachidziwa. N'chifukwa chake ndinkaimba mlandu TV. Ndinapita nayo kwa wokonza kawiri. Ulendo wachiwiri anaiyatsa ine ndili pompo n'kunena kuti ilibe vuto. Ndinamutukwana.

Pofika Juni, dzuwa likawala pamadzi ndinkalephera kuyang'ana. Diso lakumanzere linkalemera, mutu n'kumapweteka mbali yomweyo. Babu lililonse linkaoneka ndi mkombero. Mkazi wanga, Nabanda, anati ndipite kuchipatala. Ndinati ndi utsi wa owamba nsomba. Ndinagula mankhwala odonthezera m'maso pa golosale.

Mu Ogasiti ndinadutsana ndi mwana wanga Enelesi pamsewu osamuzindikira. Amagwira ntchito yokonza zipinda pa loji ina. Mawa lake anapempha tchuthi n'kunditenga.

Kuchipatala cha boma tinafika m'mamawa, tinaitanidwa masana. Nesi ananditseka diso limodzi n'kuloza chikwangwani cha zilembo. Lakumanja linaona chilembo chapamwamba chokha. Lakumanzere silinaone ngakhale dzanja lake. Anandiyeza magazi n'kupeza shuga wokwera. Anandipatsa mapiritsi ndi kalata ya ku Lilongwe, koma anati opaleshoni idikire shuga atsike. Ndinadikira miyezi iwiri. Shoo ndinatseka.

Mu Okutobala anandigoneka m'chipatala ku Lilongwe. Mu wodi tinali amuna okhaokha, ambiri achikulire, aliyense ndi bandeji kumaso. Sitinkayankhulana kwambiri. Opaleshoni inali yaifupi, ndipo ndinali maso. Anandibaya jakisoni pambali pa diso, n'kundiphimba nsalu. Mawa lake anachotsa bandeji. Choyamba kuona chinali mng'alu wa pakhoma, wowonda ngati ulusi.

Dokotala anafika Enelesi atapita kukatunga madzi.

"Bambo, lakumanja munali ng'ala, tachotsa. Lakumanzere mtsempha wake unafa. Mukanabwera mutu utangoyamba kupweteka, tikanalipulumutsa."

Sindinauze aliyense. Kunyumba ndinati linalo adzapanga mtsogolo.

Patatha milungu itatu Enelesi anabwera ndi fulashi. Anati mnzake wa pa loji anamuikira kanema wa anthu oimba ndi kuvina, ndiyesere diso. Makanema oterewa sindinkaonetsa. Asodzi amafuna zibakera ndi mfuti. Tinalowa awiri mu shoo, masana, n'kutseka chitseko. Enelesi anabwezera kala pomwe inali kale.

Inali nkhani ya atelala pa fakitale ya zovala. Chingerezi ndimamva chochepa, koma sindinasochere. Nyimbo itayamba, kamera inayenda pansi pa matebulo ikutsatira mapazi opalasa makina. Kenako inakwera mpaka kudenga, osadula ngakhale kamodzi, ndipo atelala onse anaoneka pansi atazungulira ngati duwa. Nsalu zofiira ndi zobiriwira zinagwa kuchokera pamwamba, fumbi lake likuoneka m'kuwala kwa pawindo. Ndinaona ngakhale ulusi wolendewera pa kolala ya mtsikana woimbayo.

Mwamuna wake atamusiya, ojambula anazimitsa zonse n'kusiya nyali imodzi ya pamakina. Theka la nkhope yake linali m'kuwala, theka mumdima. Zovala zonse zinasanduka zotuwa pang'onopang'ono. Ndinaganiza kuti matenda abwerera. Ndinamufunsa Enelesi ngati nayenso akuona zotuwa. Anati eya, apanga dala chifukwa mtsikanayo ali ndi chisoni. Ndinamuuza abwezere pamenepo. Tinaonera katatu.

Zaka zonsezi ndaonetsa makanema, sindinkadziwa kuti pali munthu amene amasankha pomwe kuwala kugwere. Ndadziwa nditatsala ndi diso limodzi.

Pano shuga ali bwino. Mapiritsi ndimamwa tsiku lililonse, ndipo lakumanja ndimalidonthezera mankhwala amene anandipatsa kuti lisatsatire linzake. Shoo ndinatsegula. Komabe ndikathira tiyi nthawi zina ndimaphonya kapu, ndipo njinga yochokera kumanzere ndimaimva belu lokha. Tulo simabwera bwino ndikaganiza kuti ndilibenso lina losungira.

Inu amene mukuona chifunga kumene anzanu sakuchiona, musadikire. Mutu ukamapweteka pamodzi ndi diso, pitani sabata yomweyo. Mankhwala a pa golosale asiyeni. Ine ndinataya miyezi isanu.

Lamlungu lapitali, pochokera kutchalitchi, Nabanda anandiimitsa pachipata. Anati wapempha kale mng'ono wake wa ku Chinguluwe kuti adzasunge nyumba tikadzabwerera ku Lilongwe.

"Abambo ake Enelesi, nanga linalo anati adzapanga liti?"

Nkhope yake ndinkaiona bwinobwino, mpaka imvi za pamwamba pa khutu. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga makiyi a shoo pamsomali n'kutuluka.