Mayi a Khomo Lachinayi ndi Masitepe Awo

Kuseli kwa tchalitchi chathu chachikulu kuno ku Mangalande kuli nyumba zakalekale za akazi amasiye a abusa. Pa khomo lachinayi pamakhala mayi amene sutikesi yawo saimasula. Amuna awo atamwalira, mpingo unawatulutsa m'nyumba ya abusa, ndipo mpaka lero amati, "Denga la eni salikhulupirira." Belu la pageti likalira, amaganiza kuti abwera kudzawatulutsanso.

Ine ndine kalipentala wa pamalopo. Masitepe a m'nyumbazi atha zaka mazana atatu, ndipo boma limaletsa kukhomapo ngakhale msomali, nanjinanji chogwirira. Oyang'anira nyumbazi nawo lamulo lawo ndi lakuti wolephera kukwera kuchipinda chogona apite kosungira okalamba.

Lachiwiri lina, nditapita kukakonza zenera, ndinawapeza mayi aja akukwawa pa masitepe, mawondo atasupuka.

"Mwaona chiyani, a kalipentala?" anandifunsa.

"Ndaona zimene ndaonazo, mayi."

"Ndiye mukandinenera? Inutu ndi chilungamo chanucho, ngati munabadwira pa guwa!"

Mawa lake mkulu wa oyang'anira anandiimitsa pabwalo. "Kodi mayi aja masitepe akuwatha?"

Ine bodza sindinena. Ndinati, "Amafika pamwamba tsiku lililonse, bwana." Anagwedeza mutu n'kumapita.

Mayiwo akadali m'nyumba mwawo. Koma m'mawa uliwonse ndimaima pansi pa zenera la kuchipinda kwawo, kudikira kuti katani itseguke. Tsiku limene sidzatseguka, ndikumudziwa kale munthu amene anawasiya pa masitepe aja: ndi ineyo.