Mbande za a Wezulo

Achimwene anga achisamba anthu amawatcha a Wezulo. Dzinali analitengera ku damu, kumene anakhala wophunzira ntchito zaka zisanu zotsatizana. Anzawo ankaphunzira chilimwe chimodzi n'kupita, koma iwo mvula ikangosiya ankasita malaya n'kukalembetsanso.

Ofesi yoyang'anira damulo imatenga ophunzira kwa miyezi inayi yokha, nthawi imene anthu amabwera kudzasambira, kudzawedza ndi kudzakwera maboti. Ntchito yake ndi yodziwika: kuwerenga pamene madzi afika pa chipilala cha manambala, kuvuula namasupuni amene amatseka doko, kutola mabotolo pa kapinga, kutsuka zimbudzi ndi kuthirira mbande ku nazale. Achimwene anadzisankhira ntchito imene sinalembedwe paliponse, yoima pa geti ndi chipewa chachikulu, wezulo ali pakhosi. Mwana akathamanga, pyee! Munthu akavulira nsapato pamalo osawasangalatsa, pyee! Tsiku lina anaimbira abakha, ati akusambira mbali ya maboti.

"Iwe sungazimvetse," ankandiuza ndikapita kwawo, miyendo atasanjikiza. "Ife timayang'anira chilengedwe."

Alamu anga, akazi awo, ankangoti "Mmm," n'kupitiriza kusenda mbatata.

Chaka chachisanu kapitawo anatopa nawo. Anawachotsa pa geti n'kuwatumiza ku nazale, kumene ankalera mitengo yokabzala pamtsetse kuti dothi lisamakokolokere m'damu. Kumeneko kunali kale wophunzira wina, mayi wa ana awiri, amene achimwene ankamunyoza kuti Namatope chifukwa siketi yake sinkauma. Kapitawo anawagawira mbandezo pakati, aliyense mbali yake, n'kunena poyera kuti nyengo ikamatha akuluakulu adzabwera kudzabzala, ndipo mmodzi mwa awiriwo adzalembedwa ntchito yokhazikika.

Achimwene anathirira sabata imodzi. Kenako anati ndowa ikuwapweteketsa msana, ndipo anayamba kumazembera ku geti. Madzi ali tho m'damu pomwepo, mbande zawo zinafa ndi ludzu. Namatope anawachenjeza kawiri.

"Mayi, ndili ndi zaka zisanu pano," anamuyankha. "Mtengo umafuna kuzolowera mavuto."

Litatsala tsiku limodzi kuti alendo afike, anabwera kwathu kudzabwereka mpeni wakuthwa. Sananene ntchito yake. Anangoti mawa ndibwere ndi ana tidzaone mmene munthu amalandirira udindo. Ndinamva pambuyo pake kuti m'mawa mwake analawirira kuseri kwa zimbudzi, kumene kuli mpanda wa zitsamba, n'kudula tinthambi tobiriwira. Anazula zouma zija, n'kuzika kanthambi m'chubu chilichonse cha pulasitiki mmene munali mbande, kenako anathirira mpaka madzi kuyenderera. M'nyengo yonseyo ndi tsiku limeneli lokha limene anatuluka thukuta.

Mlendo wamkulu anali mayi wa imvi wochokera ku likulu, atavala nsapato zamphira zakale. Munthu wanzeru akanamusiya mayiyo kuti atenge mbande ya Namatope, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma achimwene anaimba wezulo kuti anthu apatuke, n'kumulondolera kumbali yawo.

"Mayi, tengani apa. Izi ndalera ndekha ngati ana."

Mayiyo anagwada pa dzenje, n'kung'amba chubu. Dothi lonse linagwa, m'manja munangotsala kamtengo kosongola bwino kunsi ngati pensulo.

"Mizu ili kuti, bambo?"

"Mtundu umenewu, mayi, mizu imabwera pambuyo."

Mayiyo sanaseke. Anabwerera ku nazale n'kusolola kachiwiri, kachitatu, kachinayi, tonse tikungotuluka mosavuta. Kapitawo anavula chisoti n'kuphimba nacho kumaso. Mwana wanga wamng'ono anafuula kuti, "Amalume abzala mapensulo!" Ine ndinamutsina, koma nanenso ndinali nditaluma nsalu kuti phwete lisatuluke.

Ntchito anapatsidwa Namatope, ndipo ali pomwepo mpaka lero. Achimwene anauzidwa kuti asadzalembetsenso. Anafika kunyumba akunena kuti zonsezo ndi nsanje, kapitawo anawaopa kuti amulanda mpando. Alamu anangowapatsa madzi osamba.

Masiku ano amakhala pakhonde la telala, kuuza aliyense wodutsa kuti popanda iwo damu lija liuma, tidzaona. Chaka chathachi mvula inagwa yambiri, damu linadzaza mpaka madzi kusefukira pa khoma. Telala anawafunsa kuti nanga kuuma kuja kuli pati.

Achimwene anapukusa mutu mwachisoni. "Mwaonatu," anatero. "Palibe woyang'anira. Madzi akungotayika."