Mphunzitsi wa Galimoto Wachibwibwi

Achimwene anga anabadwa ndi chibwibwi. Mawu ankawakanirira pakhosi, makamaka akafulumira, moti sukulu anaisiyira panjira atatopa ndi kusekedwa. Ntchito imene anaipeza inawayenera. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankayendetsa galimoto yonyamula maliro, ndipo panalibe wofuna kuti alankhule. Ankavala jekete lakuda, kuthandiza kukweza bokosi, basi n'kumayenda pang'onopang'ono anthu akuimba m'mbuyo. Pa zaka zonsezo galimoto sanaikandeko.

Chinawachotsa ntchito ndi msana. Tsiku lina akutsitsa bokosi pa masitepe a chipatala, mnzawo anaterereka, kulemera konse n'kugwera iwo. Anagona miyezi iwiri. Atabwerera, bwana anawauza kuti dalaivala wosatha kunyamula alibe naye ntchito. Anali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, ana awiri ali kusekondale.

Atatiuza kuti akufuna kukhala mphunzitsi woyendetsa galimoto, alamu anga, akazi awo, anaika mbale pansi n'kuwayang'ana.

"Bambo a ana, ntchito imeneyo ndi ya pakamwa," anatero.

"N-n-ndi yokhala pansi," anayankha achimwene. Nkhani inathera pomwepo.

Maphunziro anali a miyezi itatu, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya utoto. Ophunzira anzawo anali a msinkhu wa ana awo. Atamva kumene ankagwira kale anawapatsa dzina lakuti Wamaliro, ndipo ankati galimoto yawo ndi yokhayo imene wokwera sanadandaulepo. Achimwene ankaseka nawo. Mayeso olemba anakhoza kuposa onse. Oyendetsa anakhozanso. Anatsala achitatu, ophunzitsa, amene munthu ankaloledwa kuyesa katatu kokha.

Pa mayeso amenewa woyesa amakhala pa chiwongolero n'kumadziyesa wophunzira. Woyesedwa amakhala pambali, pa mpando umene uli ndi buleki yakeyake, n'kumamuuza chochita. Ulendo woyamba woyesayo, bambo wina wamagalasi, analunjika dala pa mphambano osachepetsa liwiro. Achimwene anaona zonse nthawi ikadalipo. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti "imani", koma liwulo linakana. Anangoponda buleki.

"Phazi lanu ndi labwino, bambo," anatero woyesayo akulemba papepala. "Koma wophunzira uja wamva chiyani?"

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse masana ndinkapita kunyumba kwawo. Tinkaika mipando iwiri pabalaza, ine n'kugwira chivundikiro cha ndowa ngati chiwongolero, iwo n'kumandiphunzitsa msewu umene kunalibe. Ankatuluka thukuta ngati akulima. Alamu ankatseka chitseko kuti anthu oyandikana nawo asamve. Patapita milungu achimwene anazindikira kuti akalankhula motsitsa mawu, mokoka pang'ono, ndiponso chinthucho chisanafike, chibwibwi chinkachepa. "Tikuyandikira mphambano. Phazi pabuleki. Pang'ono. Kilatchi." Anaphunzira kunena zonse msanga kuti asadzafunike kukuwa.

Ulendo wachiwiri analephera chifukwa woyesa anawafunsa funso mwadzidzidzi ali pakati pa msewu, ndipo yankho linatuluka galimoto itadutsa kale pokhotera. Wachitatu anakhoza. Anabwera kunyumba ndi satifiketi m'thumba lapulasitiki n'kuipereka kwa alamu. Alamu anaiwerenga kawiri, kenako anapita kuseri kwa nyumba.

Sukulu ina yaing'ono ya galimoto zitatu inawalemba ntchito. Mwini wake anali mayi wosataya nthawi. Mlungu woyamba ophunzira anayi anapempha kusinthiridwa mphunzitsi wina. Ena ankati sakuwamva. Mnyamata wina wa kubanki anauza mayiyo kuti sangakhale mpando umodzi ndi munthu amene wakhala akunyamula mitembo. Mayiyo anayamba kuwapatsa okhawo amene aphunzitsi ena anatopa nawo: amantha, achikulire, olephera kanayi. Ndi anthu amenewa achimwene ankagwirizana, chifukwa sankakalipa. Namwino wina amene ankalira akangoona lole anatenga laisensi m'manja mwawo. Onse amene anakhoza m'chaka chimenecho anakwana khumi ndi mmodzi, ndipo mayina awo anawalemba kumbuyo kwa kalendala.

Koma wophunzira watsopano sadziwa kusiya kilatchi. Galimoto imadumpha, kuzima, kudumphanso. Amaponda buleki ngati akupha njoka. Maola asanu ndi atatu pa tsiku thupi la achimwene linkagwedezeka chotero pa mpando wakutha uja. Anayamba kuika pilo kumsana, kenako kumwa mankhwala opha ululu m'mawa ndi masana. Miyezi itapita, mwendo wakumanja unayamba kuchita dzanzi. Sanauze munthu.

Tsiku lina m'mawa mphunzitsi wina wa pulayimale wopuma ntchito, amene ankamuphunzitsa kubwerera m'mbuyo, anaponda moto m'malo mwa buleki. Achimwene anafuna kuponda buleki yawo koma mwendo unachedwa. Liwu nalo linakana. Galimoto inagunda mpanda wa sukulu ya galimoto ija, njerwa n'kugwera pagalasi lakumbuyo. Palibe anavulala. Adokotala atawayeza achimwene ananena kuti mtsempha wa kumsana wapanikizika, ndipo sanawasainire pepala loti apitirize kuphunzitsa.

Kunyumba sananene. M'mawa uliwonse ankavalabe malaya oyera n'kunyamuka nthawi yake.

Ine ndinazidziwa mwangozi. Ndinadutsira kusukuluko kukawasiyira uthenga wa mlongo wathu, ndipo mlonda anandilozera kubwalo la kuseri kumene ophunzira amayeserera kuimika galimoto pakati pa migolo yachitsulo. Achimwene anali ataima padzuwa, atatsamira ndodo. Wophunzira wina anagunda mgolo, mgolowo n'kugubuduka. Mphunzitsi amene anali m'galimotomo, mmodzi mwa anyamata amene anaphunzira nawo pamwamba pa sitolo ya utoto, anatulutsa mutu pazenera.

"Madala, tafulumirani, nthawi ikutha."

Achimwene anapita akukoka mwendo, kuudzutsa mgolowo, n'kuubwezera pa mzere wake. Atatembenuka anandiona. Tinakhala pa benchi pansi pa khonde.

"Mayi aja anandimvera chisoni," anatero pomaliza, motsitsa mawu. "Anati ndiziyang'anira bwalo."

"Alamu akudziwa?"

Anapukusa mutu. "A-a-ana amalize kaye mayeso. Usakanene."

Sindinanene. Papita miyezi isanu tsopano. Alamu amawachapirabe malaya oyera, ndipo sabata yatha anandifunsa ngati ndikudziwa chifukwa chake masiku ano malayawo akumabwera ndi dzimbiri m'manjamu.