A Twaha ndi Njinga za Makala

A Twaha anayamba ntchito ya zankhalango ku Machinga tsitsi lawo likadali bii. Poyamba ankaikonda: kuyendera mapiri, kulambula njira zotchinga moto, kucheza ndi alimi za mitengo. Koma malonda a makala atakula, akuluakulu anawaika pamsewu wopita ku Liwonde kuti azilanda makalawo pamodzi ndi njinga zake.

Olandidwawo sanali anthu achilendo. Ena ankaswali nawo mzikiti umodzi, ndipo Lachisanu a Twaha akakhala pansi, oyandikana nawo ankasendera uko. Kuofesi nako abwana ankafunsa chifukwa chimene phiri likumetekerabe. Mutu unayamba kuwagunda tsiku ndi tsiku, chakudya ankangochitosa. Akazi awo, a Fauziya, akawafunsa, ankangoti, "Ndi dzuwali."

Tsiku lina m'mawa anaimitsa njinga yolemedwa ndi matumba. Wokankhayo atavula chipewa, a Twaha anaona kuti ndi a Ayub, achimwene ake a mkazi wawo. Anzawo a ntchito anali pomwepo, maso onse pa iwo.

"Alamu, ndine," anatero a Ayub chapansipansi.

"Ndakuonani, alamu. Tsitsani katunduyo."

A Ayub anamasula okha mphira, n'kubwerera wapansi osacheuka.

Kunyumba a Fauziya sanakalipe. Anangoona amuna awo akulephera kuvula nsapato, n'kunena kuti, "Mawa tikupita kuchipatala. Zoti iyayi sindimva."

Kuchipatala anawapeza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Atangoyamba mankhwala, a Twaha anakagogoda kwa abwana awo.

"Bwana, ntchito sindikuikana, koma pamsewu paja pandithera thupi."

Abwanawo anazengereza mpaka mvula inagwa, kenako anawasamutsira ku nazale. Kumeneko ndi komwe ali mpaka lero, kuthira dothi m'machubu ndi kuthirira mbande za mibawa ndi misangu. Ndi a Ayub amapatsana moni pamaliro, koma alamu awowo sanapondeponso pakhomo pa a Twaha.

Pamsewu paja, m'malo mwa a Twaha, panabwera a Lyford, ochokera ku Balaka. Akaweruka amadzera ku nazaleko, nkhope ili yotuwa. A Twaha amawasunthira chitsa pamthunzi, n'kumapitiriza kuthirira uku akumvetsera zonse zimene zachitika tsikulo, osawadula mawu.