Mpira Wathu M'munda wa AnyaLongwe

Ndikukumbukira bwalo lathu la mpira ku Mpamba, lopendekeka ngati denga. Kumunsi kwake kunali munda wa chinangwa wa anyaLongwe, mayi amene ankadziwa phesi lililonse la m'munda mwawo. Ndinali sitandade 7, kaputeni wa timu ya m'mudzi mwathu. Loweruka lina tinaitana anyamata a ku esiteti ya rabala, ana a ogwira ntchito ochokera ku Mulanje ndi ku Dedza. Opambana anayenera kutenga tambala wofiira, amene tinamumangirira pamtengo wa mango kuti aliyense azimuona.

Tinasewera ndi mpira wachikopa wobwereka kusukulu. Anzathuwo sanauzolowere, unkawalemera kumapazi, ndipo pofika nthawi yopuma tinali titawamwetsa zigoli ziwiri kwa duu. Tili pamthunzi kutafuna nzimbe, mkangano unabuka. Msuweni wanga Yotamu, amene anagoletsa zonse ziwiri, ankati tipitirize kuwapanikiza mpaka zikwane zisanu poti anali atafooka kale. Koma ine fungo la tambala wokazinga linali litandilowa m'mphuno. Ndinalamula kuti tonse tibwerere kukatchinga golo, ndipo aliyense wopeza mpira azingoumenyera kutali kuti nthawi izitha.

"Ukuwapatsa mpata wopuma, wamantha iwe," anatero Yotamu, akulavula zotsalira za nzimbe.

Nzeru yangayo inagwira ntchito kwa kanthawi. Mpira unkagwera m'chinangwa, mmodzi wa ife n'kupita kukautola akuyenda ngati wodwala malungo. Ulendo wachinayi unathyola mapesi atatu. AnyaLongwe, amene ankapalira chapafupi, anautola, naukulunga m'chitenje, n'kuukhalira. Ndinapita ndekha kukagwada, ndikupepesa ndi Chitonga chonse chaulemu chimene ndinkadziwa. Iwo anapukuta thukuta mosafulumira.

"Mwana wangu, mpira uwu udzautenge ndi ada ako," anatero, kutanthauza bambo anga.

Woyimbira, mnyamata wa ku sekondale amene tinamusankha chifukwa anali ndi wotchi, anati mphindi zidakalipo zambiri. Apo a ku esiteti anatulutsa mpira wawo wokulunga ndi rabala, wopepuka, wonunkha ngati tayala lopsa. Unkadumpha ngati chiwala, osadziwika kolowera. Eni ake ankaudziwa bwino, pamene ife, tounjikana pagolo, tinkangogundana mitu. Chigoli choyamba chinandidutsa pamutu, chachiwiri chinagunda bondo la goloboyi wathu n'kulowa, chachitatu sindinachione n'komwe. Yotamu anali yekhayekha kutsogolo, manja m'chiuno, wopanda womupatsira.

Tambala anapita ku esiteti akulira pakaliyala ya njinga. Bambo atandiperekeza kwa anyaLongwe, mlandu unatha mwachidule: timu yonse ikapalire mundawo Loweruka lotsatira. Tinapaliradi, Yotamu akutsogolera nyimbo yonditonza, ndipo titamaliza mayiwo anatiphikira chinangwa chodzaza beseni, chofumbutuka bwino, n'kutibwezera mpira.

Masiku ano bwalo lija lili ndi magolo achitsulo. Ana amavala majezi ndi nsapato, ndipo pambali pamakhala mipira ina yodikira, moti woumenyera kutchire sapindula kanthu. Ine ndi Yotamu, tonse aimvi tsopano, timakaonera mpira pa TV ku Chintheche. Timu ikatsogola n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, iye amasiya kuyang'ana TV. Amatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana ine, ndipo ine ndimayamba kufunsa amene ndayandikana naye ngati usipa waphedwa ku Tukombo.